Makina Awiri a Bambo Namacha

Loweruka lapitali tinali kumanda, kumunsi kwa msewu wopita kwa Khwethemule, kukaona chiliza cha bambo Elias Namacha. Chaka chakwana chimwalirireni. Kwaya yathu inaimba nyimbo zitatu chiperoni chikutinyowetsa pang'onopang'ono, ndipo titamaliza mwana wawo wamkazi, Grace, anandikokera pambali.

"Madamu, inu ndi amene munkakangana nawo kwambiri ababa," anatero. "Mulembe zomwe mukukumbuka, ana anga adzawerenge."

Ndinaseka, chifukwa sananame. Ine ndine mphunzitsi pasukulu ya pulayimale ya pa esiteti ya tiyi, kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo ndimatsogolera kwaya ya amayi kutchalitchi kwathu. Za ine zithere pomwepa.

Anthu ambiri pa esiteti sankalidziwa n'komwe dzina loti Namacha. Ankangoti a Mawaya. Anagwira ntchito yamagetsi kufakitale ya tiyi kuyambira unyamata mpaka imvi, ndipo m'thumba la malaya awo simunkasowa tesita yoyezera magetsi, ngakhale tsiku la Mgonero. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otakata, woyenda mofulumira ngati wachedwa kwinakwake. Makolo awo anachokera ku Mozambiki kudzathyola tiyi, ndipo akakwiya Chichewa chinkawathera, n'kuyamba Chilomwe. Kufakitale ankatseka makutu ndi thonje. Anzawo ankawaseka kuti akudzimva ubwana, iwo n'kumayankha kuti makutu ndi awiri okha ndipo kusitolo ya kampani kulibe a sipeya. Koma akachotsa thonjelo ankatha kuima pakhomo pa fakitale, mutu atapendeketsa, n'kunena kuti mota yachitatu ya koumitsira masamba ifa mawa kapena mkuja. Ndipo inkafadi.

Atapuma ntchito anatuluka m'nyumba ya kampani n'kukamanga kumudzi kwa akazi awo, pamalire penipeni, pomwe tiyi amathera n'kuyamba nthochi. Malowo anasankha dala oyandikana ndi polo ya magetsi. Nyumbayo ndi ya zipinda zitatu, ndipo chakumapetocho anachikhoma mathileyi a mazira ndi ziguduli khoma lonse. M'menemo munthu sankalowa ndi nsapato, kaya ndi mbusa, kaya ndi manijala.

Munali makina awiri. Oyamba anali a tepi, omwe iwo ankawatcha foothiraki. Anawapeza chaka chomwe tinavota koyamba zipani zambiri. Manijala wina amene ankachoka anawasiya m'galaja atafa, lamba wake atasungunuka, ndipo a Namacha anawapempha, n'kuwanyamula panjinga atawakulunga m'jekete. Anawamasula kachitsulo ndi kachitsulo, kuziyala pamphasa, mpaka tsiku lina anazungulira. Munthu woyamba kujambulidwa anali tambala wa oyandikana nawo nyumba.

Kaseti yake inali wamba, yomweyi ya m'golosale, koma makinawo ankaigawa mizere inayi: uwu wa ng'oma, uwu wa gitala, uwu wa oyambitsa nyimbo, uwu wa ovomera. Mzere uliwonse unali ndi kabatani kake kotsetsereka, kokwezera kapena kutsitsira mawu, ndi tina tozungulira pamwamba pake. Kujambula sikunali kovuta kwenikweni. Ntchito inagona pa kusakaniza. Ankayatsa tepi zala zili pa timabatani, n'kumakweza apa, kutsitsa apo, nyimbo ikuyenda, uku wailesi ina ya kaseti ikulandira. Akaphonya ngakhale pamapeto penipeni, basi, kuyambiranso. Ndipo popeza manja awiri sankakwana, ankaitana akazi awo.

"Make Grace! Tasiyani kaye mbalezo. Akafika pa aleluya wachiwiri, aka mukatsitse mpaka pa chizindikiro chofiirachi. Pang'onopang'ono, osati ngati mukutseka mpopi."

Mayi Namacha ankabwera akupukuta manja pachitenje, n'kuima pambali pawo, maso ali kudenga, kudikira aleluya. Sanaimbepo m'kwaya iliyonse, koma makaseti a makwaya a kuno a zaka zimenezo, kuyambira kwa Chimaliro mpaka pa Boma, ali ndi chala chawo.

Makina achiwiri anabwera mochedwa, itangotha njala ija. Grace amagwira ntchito mu ofesi ku Blantyre, ndipo kuntchito kwawoko atasintha makompyuta anapatsidwa imodzi yakale. Anabwera nayo pa minibasi, sikirini ataifungatira pamiyendo ngati mwana kuchokera ku Limbe mpaka kuno. Bambo ake anathokoza bwinobwino, anaiika patebulo, n'kuivundikira ndi nsalu. Inakhala chivundikire dzinja lonse. Ankati chinthu chosalira, chopanda lamba woti munthu n'kumuona akuzungulira, sangachikhulupirire. Tsiku lomwe chidzadwale adzachifunsa bwanji?

Chinawatembenuza ndi chuku. Kuno chinyezi sichitha, ndipo tsiku lina anatulutsa kaseti ya gulu la gule wa tchopa lomwe anajambula kalekale, n'kupeza yayera mbuu, mawu ake akumveka ngati anthu akuimbira pansi pa madzi. Awiri mwa oimbawo anali atamwalira kale. Sabata yomweyo anatumiza uthenga kwa Grace kuti abwere Loweruka, nsalu ija yachoka.

Anaphunzira ngati mwana wa Sitandade Wanu, kope lili pambali, kulemba chilichonse: dinani apa, dikirani, dinaninso apa. Masiku oyamba mawusi ankaigwira ndi manja awiri. Grace amati sanaonepo wophunzira wamakani chotero, wofunsa chifukwa cha chinthu chilichonse, koma pomwe chaka chinkatha iyeyo ndi amene ankafunsa.

Vuto lomwe linawasowetsa mtendere linali ili: kompyutayo inkalandira mizere iwiri yokha nthawi imodzi, pomwe tepi inali ndi inayi. Choncho ankaolotsa iwiri, kubweza tepi, n'kuolotsa iwiri inayo. Koma tepi siyenda liwiro limodzimodzi kawiri. Kumayambiriro kwa nyimbo zonse zinkayendera limodzi. Pofika kumapeto ng'oma inali itawasiya oimba kumbuyo. Analimbana nazo milungu ingapo, osameta, osafuna alendo. Kenaka anapeza njira. Anapachika khasu lakutha pakhoma, ndipo tisanayambe kuimba ankalimenya ndi sipanala kamodzi, ngwee! Tikamaliza ankatikweza dzanja kuti tisapume mokweza, n'kulimenyanso. Kulirako kunkalowa m'mizere yonse inayi. Pa sikirini kunkaoneka ngati bulugamu wamtali pakati pa munda wa tiyi, ndipo iwo ankangofoletsa mitengo imeneyo, ya kumayambiriro ndi ya kumapeto, kukoka mizere yotsalira mpaka zonse zigwirizane. Anyamata ena a ku Limbe odziwa za situdiyo atabwera kudzaona, anaseka khasulo. Pobwerera anafunsa komwe angapeze lawo.

Chomwe sanavomere mpaka imfa ndi kujambulira mu kompyuta mwachindunji. Anayesapo kamodzi, magetsi n'kuzima nyimbo ili pakati, ntchito ya m'mawa wonse n'kupita. Ankati tepi ndi yokhulupirika: magetsi akazima imangoima pomwepo, zomwe yamva yasunga. Ankatinso mawu akadzera kaye pa tepi amakhala ndi mnofu, pomwe a pa kompyuta yokha amamveka ngati munthu wosamba n'kuiwala kudzola. Koma pa kusakaniza ankavomera ndi mtima wonse kuti kompyuta ndi bwana, chifukwa imakumbukira pomwe wakweza ndi pomwe watsitsa, ndipo ukalakwitsa imakulola kubwerera. Choncho makina onse awiri anakhala patebulo limodzi, waya wofiira ndi woyera akuwalumikiza, wina kumva, wina kukonza. Mayi Namacha ankawatcha akazi anzawo. Ankadandaulanso moseka kuti wamng'onoyu atabwera iwo anapumitsidwa ntchito ya kabatani popanda ngakhale kupatsidwa njinga yotsanzikira.

Sikuti anawapumitsadi. A Namacha akamaliza kusakaniza nyimbo ankaijambulira pa kaseti, n'kukaiika mu kawailesi kakang'ono kakale, kong'aluka sipika, pakhonde pomwe akazi awo ankasenda chinangwa kapena kusola nandolo. Iwo ankabwerera m'chipinda. Pakapita kanthawi ankafuula kuti, "Mawu akumveka?" Yankho likakhala loti ng'oma yameza anthu, ankayambiranso osatsutsa. Ankati nyimbo zathu sizikamvedwa m'mahedifoni, zikamvedwa m'minibasi ndi pamsika, pakati pa phokoso, ndiye woweruza akhale munthu wotanganidwa.

Makani okha anali nawo. Anakangana ndi anyamata a makiyibodi omwe ankafuna ng'oma za m'makina. Anawauza kuti ng'oma yosatopa ndi yabodza. Ena anapita kwina, ena anabwerera. Anakangana ndi mkulu wa mpingo wina amene ankafuna kuti liwu la mkazi wake likwezedwe kuposa onse. Anakangana ndi wezulo ya kufakitale, ndi mvula ya pamalata, ndi thirakitala yonyamula masamba, ndipo zonsezi ankazidziwa nthawi yake moti ankatha kutiimitsa thirakitala isanamveke n'komwe. Ndi ine tinkakangana za liwiro. Ankati ndimathamangitsa nyimbo ngati belu la kusukulu latsala pang'ono kulira. Kawiri konse anatibweza kwaya yonse pakhomo chifukwa sitinakonzekere, akuti tepi si bolodi yofufuta ndi dasitala. Koma masiku onse awiri omwe anatibwezawo, aliyense anapita kwawo ndi mapeyala m'chitenje, othyola iwo eni ndi ndodo.

Zaka ziwiri zomaliza za moyo wawo anakhala ndi dzanja limodzi. Matenda a magazi othamanga anawagwetsa ali m'munda wa nthochi, ndipo atatuluka m'chipatala mkono wamanja unali utafooka, pakamwa patapotoka pang'ono. Tonse tinkati za nyimbo zatha. Koma mawusi imalola dzanja lamanzere, ndipo anaphunziranso, kope latsopano lili pambali, zilembo zake zokhotakhota. Foothiraki ndi imene inkafuna manja, choncho mayi Namacha anabwerera pa timabatani, ndipo nthawi ino anaphunzira ndi kupukuta komwe timitu ta makinawo ndi thonje la sipiliti. Amuna awo ankangoloza ndi chibwano. Ndinawapeza kangapo ali awiriwiri choncho masana, akutsutsana za ng'oma, ndipo sindikukumbuka kuti ndinawaonapo okondwa kuposa pamenepo. Matendawo atabweranso kachiwiri sanachedwe nawo. Anamwalira m'nyengo yozizira, atamaliza kuolotsera mu kompyuta pafupifupi makaseti onse akale omwe ankasunga m'chitini.

Koma nkhani yomwe iwo eni ankakonda kukamba, ngakhale inali yowachititsa manyazi, ndi ya mayi Eneresi. Inandichititsa manyazi ine kuposa iwo, ndipo inachitika akadali ndi manja onse awiri, kompyuta ataizolowera kumene.

Kwaya yathu inali itakonzeka kutulutsa kaseti yake yoyamba. Tinali amayi khumi ndi anayi, ambiri othyola tiyi, ndipo tinaphunzira nyimbozo miyezi yambiri. Mayi Eneresi anali wamkulu pa tonse, wothyola tiyi kuyambira utsikana, zala zakuda ndi utomoni wa masamba, munthu wosalankhulalankhula. Liwu lawo linali lokhuthala, lotsika ngati la bambo. Koma ankatsalira. Ankalowa mochedwa pang'ono, ndipo tonse tikatseka mzere wa nyimbo iwo ankakhala akadali m'kati. M'tchalitchi sizinkandivuta kwenikweni. M'chipinda cha a Namacha zinaonekera poyera, chifukwa liwu lawo linali lamphamvu moti anawaimika pakona paokha, kuseri kwa matiresi, ndi maikolofoni yawoyawo. Mzere wachinayi wonse unali wa iwo okha.

Lolemba poweruka kusukulu ndinadzera kuti ndimve. Anandiikira nyimbo yathu yothokoza, yomwe tinapeka tokha, yosakaniza Chichewa ndi Chilomwe, imene tinkadalira kuti ndiyo idzanyamule kaseti yonse. Ndinamvetsera kawiri, maso ali pa sikirini.

"Bambo Namacha, mzere wapansiwu ndi wa mayi Eneresi?"

"Ndi womwewo."

"Mungathe kuuchotsa?"

"Kutha ndingathe. N'kungodina apa."

Anadina. Liwu lija linazimirira, ndipo nyimbo inamveka yaudongo, yofola bwino ngati ana pa asembule.

"Basi, zikhale chonchi," ndinatero. "Sadziwa. Pachikuto chithunzi chawo chikhalapo, dzina lawonso likhalapo."

Anadinanso, liwu lija n'kubwerera. Kenaka anatembenuza mpando n'kundiyang'ana.

"Madamu, mayi amene aja anayenda wapansi kuchokera kukomboni ya kumtunda. Anaima pakona apo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndiye kaseti ituluke, aiike m'wailesi adzukulu atazungulira, azifunafuna liwu lawo osalipeza? Inu mukuyesa munthu sadziwa liwu lake?"

"Nanga amayi enawo sanayende? Ntchito ya anthu khumi ndi atatu iwonongeke chifukwa cha mmodzi?"

"Mukawauze nokha pamaso kuti mwawachotsa. Akavomera, ndidina."

Zimenezo ndiye sindikanatha, ndipo iwo ankadziwa. Ndinawauza kuti kwaya ndi yathu, si yawo. Anandiyankha kuti chipinda ndi chawo, ndi chala chodinacho. Zotsatirazo anayankhula m'Chilomwe, ndipo mwina ndi bwino kuti sindinamve zonse. Ndinatuluka osatsanzika. Nsapato ndinakavalira kumsewu.

Lachisanu mayi Namacha anandipeza pamsika ndikugula tomato. Anati, "Aphunzitsi, mukadzere kunyumba. Anzanu aja masiku atatu akungodyera m'chipinda."

Ndinapita monyinyirika. Ndinawapeza maso ali psuu, koma nkhope ikuwala. Sanatchule za Lolemba. Anangondiveka mahedifoni. Zomwe anachita ndi izi: anatenga mzere wa mayi Eneresi n'kuudula timagawo tambirimbiri, mawu ndi mawu, n'kumasendeza kagawo kalikonse kutsogolo mpaka kagwirizane ndi ife. Tsopano mayi Eneresi ankalowa nafe limodzi, kutseka nafe limodzi, liwu lawo lotsika lija litagona pansi pa athu ngati maziko a nyumba. Zinali zokongola. Ndinapepesa, ndipo ndinapepesa kuchokera pansi pa mtima.

"Mwaona, Madamu?" anatero akuyendayenda m'kachipindako manja ali kumbuyo. "Makinawa si ochotsera anthu ayi. Munthu akatsalira, timamudikira, n'kumukokera kutsogolo." Kenaka anaima. "Koma eni ake amve kaye. Ndagwira mawu a munthu osapempha."

Ine ndinkaona ngati n'zosafunika, koma nthawi ino ndinangovomera.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinabwera nawo mayi Eneresi. Anavula nsapato zawo zapulasitiki pakhomo, anakana mpando, n'kukhala pansi miyendo atawongola. A Namacha anawaveka mahedifoni pamwamba pa duku. Nyimbo inayamba. Anamvetsera maso atatseka, osagwedeza ngakhale mutu. Itatha anavula mahedifoniwo mosamala n'kuwaika pamiyendo.

"Nyimboyi ndi yathu," anatero. "Koma uyo akuimba pansiyo si ine."

"Ndi inu ndithu, amayi," anatero a Namacha mokoma. "Ndangokusendezani pang'ono kutsogolo. Paja mumatsalira."

"Ndimatsalira?"

Anawayang'ana iwo, kenaka ine.

"Aphunzitsi, inunso mumayesa ndimachedwa?"

Ndinayang'ana pansi.

"Ogo! Zaka zonsezi mwakhala mukuti Eneresi wagontha?" Anaseka, kaseko kakafupi, kopanda mkwiyo. "Ine kuimba ndinaphunzirira m'munda, kwa amayi anga ndi anzawo, madengu ali kumsana. Kumene kuja woyambitsa amakhala mzere wa tiyi wakutali, ndipo naye amafuna kupuma. Nonse mukatsekera pamodzi pamatsala dzenje. Ndiye pamafunika mmodzi wobwera pambuyo, agwire mawu omalizawo mpaka woyambitsa akoke mpweya n'kuyambanso. Amayi anga ndi amene ankagwira. Atamwalira ndinagwira ndine. Taibwezani, bambo, mumve nokha pomwe mwakonzapo."

A Namacha anachotsa mahedifoni n'kuyatsa masipika. Tinamvetsera tonse atatu. Ndipo zinalidi choncho. Mzere uliwonse ukatha pankagwa kachetechete, zii, kaphokoso ka tepi kokha kakumveka, kenaka woyambitsa n'kudzuka ngati munthu wopunthwa. Lachisanu lija ndinakamva kachetecheteko n'kukayesa udongo. Zaka zonse zomwe ndinaima patsogolo pa kwayayo sindinadziwe kuti pali dzenje, chifukwa mayi Eneresi sanalolepo kuti lioneke.

A Namacha anagwira mutu ndi manja onse awiri. Ndinkayesa akwiya. Koma mapewa anayamba kugwedezeka, n'kuseka mpaka misozi.

"Make Grace! Tabwerani mudzaone amuna anu! Masiku atatu ndakhala ndikukonza chinthu chosawonongeka!"

"Mubweze mawu anga pomwe ndinawasiya," anatero mayi Eneresi.

Apa kuseka kunadukira. Chifukwa chodzidalira, a Namacha anali atasunga zokonzazo pamwamba pa zoyamba, ndipo mu kompyuta munalibenso mayi Eneresi enieni. Ndinaona nkhope yawo ikusintha, ndipo ine ndinayamba kuganiza zoitananso amayi khumi ndi anayi nyengo yomwe masamba anali atachuluka m'munda. Koma anadzuka, anatsegula chitini chawo, n'kutulutsa kaseti yolembedwa dzina la kwaya yathu. Anaikweza m'mwamba ngati mwana wobatizidwa.

"Uyu sanakhudzidwe," anatero.

Anaolotsanso mizere iwiriiwiri, n'kufoletsa kulira kwa khasu kuja. Zinatenga nthawi, ndipo mayi Eneresi anaidikira pakhonde akumwa tiyi ndi mayi Namacha, akucheza m'Chilomwe n'kumaseka, mosakayika akutiseka ife. Ataitanidwa anakana mahedifoni. Anamvetsera ataimirira pakhomo. Nyimbo ili pakati anagwedeza mutu kamodzi.

"Eya. Ameneyo ndiye ine."

Anavala nsapato zawo n'kumapita.

Kasetiyo inatuluka mayi Eneresi akubwera pambuyo monga mwa nthawi zonse. Ndinaimvapo kangapo m'minibasi za ku Limbe, ndipo tsiku lina mayi wina wosandidziwa, amene anakhala pafupi nane, ankang'ung'udza nawo nyimboyo. Sankatsatira woyambitsa, ankatsatira liwu lapansi lija. Ine ndinapempha mayi Eneresi kuti aphunzitse amayi awiri achitsikana kagwiridwe kawo, ndipo anavomera, ngakhale amati mmodzi amafulumirabe. A Namacha nawo anatengapo chizolowezi chatsopano. Gulu lililonse lisanayambe kuimba ankalifunsa ngati pali wina amene amachita zake mwadala, anene msanga, iwo asadzataye masiku atatu. Kenaka ankakamba nkhani yonseyi, osasiyako kalikonse, kupatula dzina la munthu amene anawapempha kuti adine. Dzinalo sanalitchulepo kwa aliyense. Ndadziulula ndekha pano.

Titachoka kumanda Loweruka lija, anthu atadya n'kuyamba kubalalika, mayi Namacha ananditengera kuchipinda chakumapeto n'kundisiya ndekha.

Ndi chaching'ono kuposa momwe ndinkachikumbukira. Sindikudziwa kuti tinkakwanamo bwanji anthu khumi ndi asanu. Zenera, lomwe iwo analikhomerera ndi bulangete zaka zonsezi, tsopano ndi lotsegula, ndipo ndinadabwa kuona kuti limayang'ana kumunda wa tiyi, wobiriwira mpaka kuphiri. Kuwala kumalowa mpaka pakhoma la kutsidya, pomwe pali kalendala ya chaka chatha, mayina a makwaya atalembedwa ndi pensulo m'timabokosi ta Loweruka, ena m'miyezi yomwe iwo sanaifike. Patebulo pali poyera, popukutidwa bwino. Makina onse awiri Grace anawalongedza m'makatoni, ali pakona, wina pamwamba pa mnzake. Mpando wawo ukadali pomwepo, mwendo umodzi womangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga.

Ndinaukoka kuti ndikhalepo, ndipo m'pamene ndinaona pansi pa tebulo. Simenti ya pamenepo ndi yosalala, yonyezimira, ndipo chakumanzere yakumbika kadzenje kosaya, kokwana chidendene cha munthu. Zaka zonsezi tinkayang'ana manja awo. Palibe anayang'anapo phazi lomwe linkagunda nawo nyimbo iliyonse. Ndinaikamo chidendene changa, koma chinali chaching'ono, ndipo ndinakhala choncho kanthawi, mphepo yonunkhira masamba ikulowa pazenera.